SIKELO YOONA NDI MALIPIRO OYENERA

Akristu okondedwa a ku Chilomoni ndi a m'maparishi onse a mzinda wa Blantyre,

Pa 1 Meyi Eklezia amachita chaka cha Yosefe Woyera Mmisiri, chimene Apapa Pius XII anachikhazikitsa mu 1955, kuti onse odya za thukuta lao akhale ndi nkhoswe yao pamaso pa Mulungu. Tsiku lomwelo dziko lathu limapumula polemekeza antchito. Nkoyenera tsono kuti tilingalire pamodzi za mau amene timawamva nyengo ya chisankho ikayandikira, pamene munthu aima pabwalo nati: "Ndisankheni ndikhale phungu wanu, ndipo ndidzateteza ogula ndi antchito." Mau amenewa ngabwino, ndipo Mkristu wowanena moona wasankha ntchito yolemekezeka. Koma ngolemeranso, pakuti akhudza machimo awiri amene Mulungu adana nao kuyambira kale: kunyenga pa muyeso ndi kumana wantchito malipiro ake.

MUNTHU MMODZI, WOBEREDWA KAWIRI

Kusanache, misewu ya Chilomoni imadzaza ndi anthu oyenda pansi: amai opita kukachapa ndi kuphika m'nyumba za ku Namiwawa, anyamata opita ku mafakitale a ku Makata ndi ku Ginnery Corner, amisiri ndi aganyu ofuna pogwira. Panjira amakumana ndi alonda ochokera kukachezera usiku wonse pa zipata za eni chuma. Madzulo anthu omwewa tiwapeza pamsika wa Nthukwa kapena pa golosale, akuwerenga ndalama m'manja. Wantchito wa m'mawa ndiye wogula wa madzulo. Akachepetsedwa malipiro kuntchito, nachepetsedwanso muyeso kumsika, waberedwa kawiri tsiku limodzi, ndipo ana ake ndiwo agona ndi njala.

Njira zakuba zimenezi tizidziwa tonse. Pali chigoba choyezera chimanga chimene achipinda pansi kuti chilowe pang'ono. Pali sikelo yosokonezedwa. Pali katundu wotha nthawi amene afufuta tsiku lake. Pali wamalonda wobisa shuga kuseri kwa sitolo kuti adzamgulitse mtengo wowirikiza. Pali feteleza wosakaniza ndi mchenga. Pali katapila amene amameza malipiro a mwezi usanathe. Kuntchito nako, pali bwana wolipira mwezi utapitirira masiku ambiri, wochotsa munthu ndi pakamwa pokha atagwira zaka 10, wodula ndalama za penshoni koma osazipereka kumene ziyenera, ndi mai wa pabanja wolipira mtsikana wantchito ndi nsima ndi kaunjika basi.

Malembo Oyera sabisa mau pa zimenezi. Malamulo a Mose analetsa kusunga miyeso iwiri, waukulu wogulira ndi waung'ono wogulitsira, naletsanso kugoneka malipiro a waganyu kufikira m'mawa. Mneneri Amosi anadzudzula amalonda a nthawi yake amene ankafulumira kuti tsiku lopembedza lithe, kuti akachepetse muyeso ndi kukweza mtengo. Mtumwi Yakobe anachenjeza olemera kuti malipiro amene anamana okolola m'minda mwao ali ndi liu, ndipo liulo lamveka kwa Mulungu. Ndi chifukwa chake katekisimu amawerengera kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo ofuulira Kumwamba. Lamulo lachisanu ndi chiwiri sililetsa kuthyola nyumba kokha ai. Liletsanso chala chokanikiza sikelo.

KODI ZIMENEZI ZIKHUDZA BWANJI NYUMBA YA MALAMULO?

Wina anganene kuti izi nza mumtima, ndi kuti zithere m'kulapa. Zoonadi, wochimwa alape ndi kubweza, monga Zakeyo anabwezera kanai onse amene anawanyenga. Koma si onse adzalapa, ndipo wosauka sangadikire kufikira wolemera atatembenuka mtima. Pa 15 Meyi 1891 Apapa Leo XIII analemba kalata yao yotchuka ya Rerum Novarum, m'mene anaphunzitsa kuti malipiro sakhala olungama chabe chifukwa wantchito wavomera, pakuti munthu wanjala amavomera chilichonse. Kuti malipiro ayenera kukwanira moyo wa munthu wodziletsa. Kuti antchito ali ndi ufulu wopanga mabungwe ao. Ndi kuti boma lili ndi udindo woteteza ofooka mwapadera, popeza olemera ali ndi zodzitetezera zao. Apapa Pius XI mu 1931, Apapa John XXIII mu 1961 ndi Apapa John Paul II mu 1981 anabwereza ndi kukuza chiphunzitso chomwechi.

Kuno kwathu tinaziona ndi maso. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya Lenti ya Aepiskopi athu, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona a arkidayosizi ino. Mwa zina, kalatayo inanena poyera za kuchepa kwa malipiro a antchito, za mitengo yotsika yogulira mbeu za alimi, ndi za phompho lokula pakati pa olemera ndi osauka. Pa 6 Epulo chaka chomwecho Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a antchito, anamangidwa atangotera pa bwalo la ndege ku Lilongwe. M'mwezi wa Meyi antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead muno mu Blantyre ananyanyala ntchito, sitalakayo inafalikira mumzinda, ndipo anthu oposa 30 anafa pa zipolowe zimene zinatsatira. Kenaka kunabwera referendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994, pamene Chihana anaima nao pa mpando wa Pulezidenti, ndipo chipani chake cha AFORD chinapeza mipando 36 m'Nyumba ya Malamulo. Tisaiwale tsono kuti ufulu woponya voti umene tili nao unagulidwa, mwa zina, ndi magazi a antchito a m'makomboni a Blantyre.

MALAMULO ALIPO, AKUSOWA MWINI

Aphungu a zaka zotsatira sanakhale chabe. Malamulo aakulu a dziko, m'ndime 31, amapatsa munthu aliyense ufulu wa malipiro oyenera ndi wolowa bungwe la antchito. Mu 1996 kunakhazikitsidwa lamulo la ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito, limene linabala khoti la milandu ya pantchito. Mu 2000 kunabwera lamulo la kalembedwe ka ntchito, lonena kuti maola a masiku onse asapitirire 48 pa sabata, kuti opitirira apo alipidwe padera, kuti wantchito apite kutchuthi chaka ndi chaka, ndi kuti mai woyembekezera apume milungu 8 akulandira malipiro ake. Mu 2003 kunabwera lamulo loteteza ogula. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, loyang'anira ubwino wa katundu ndi miyeso, lilipo kuyambira 1972. Bungwe la CFTC limalandira madandaulo a ogula, ndipo lamulo latsopano la 2024 linaonjezera mphamvu zake zolanga amalonda achinyengo. Kunja kwa boma kuli bungwe la ogula la CAMA, limene linayamba mu 1994 ndipo a John Kapito alitsogolera zaka zambiri, ndi mgwirizano wa mabungwe a antchito wa MCTU.

Nanga bwanji mlonda wa ku Chilomoni akali kulira? Chifukwa lamulo lolembedwa papepala siliyenda lokha. Lifuna oyendera malo a ntchito okwanira ndi okhala ndi choyendera. Lifuna khoti lofulumira, kuti wochotsedwa ntchito asafe mlandu wake usanazengedwe. Lifuna malipiro ochepetsetsa othamanga pamodzi ndi mitengo. Taonani chitsanzo: mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mu Febuluwale 2024 malipiro ochepetsetsa anakwezedwa kufika K90,000 pamwezi, koma kumayambiriro kwa 2025 thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 linafika pa mtengo womwewo m'misika ina ya chigawo cha kumwera. Munthu wogwira mwezi wathunthu ankabwera kunyumba ndi thumba limodzi, wopanda ya lendi, ya chigayo, ya makala kapena ya ndiwo. Pakati pa chaka chomwecho malipirowo anakwezedwa kufika K126,000, njala italuma kale.

Apa ndipo pali ntchito yeniyeni ya phungu: kupanga ndi kukonza malamulo, kuvomereza bajeti imene ipatsa mabungwe amenewa ndalama, ndi kuitana nduna ndi akuluakulu a boma kuti ayankhe. Kugula mabokosi a maliro ndi kugawa mipira ndi ntchito zachifundo, koma sindizo anamtumira ku Lilongwe.

KWA INU OFUNA UPHUNGU

Malamulo a Eklezia salola ansembe kutenga maudindo a ulamuliro wa dziko. Munda umenewu ngwa inu Akristu eni ake, ndipo Eklezia akulimbikitsani kuulima. Koma musanakwere pansanja, dzifunseni mafunso anai pamaso pa Mulungu.

Loyamba: kodi a m'nyumba mwanga ndiwalipira bwanji? Mlonda wanu, dalaivala wanu, mtsikana wolera ana anu, kodi alandira zimene lamulo linena, ndi pa tsiku lake? Ngati muli ndi golosale kapena chigayo, kodi sikelo yanu njoona? Wosalungama pa wantchito mmodzi sangalungame pa zikwi.

Lachiwiri: kodi malamulo amene ndifuna kukawateteza ndiwadziwa? Sikokwanira kufuula kuti zinthu zakwera. Nenani ndime imene mufuna isinthe, bungwe limene mufuna lipatsidwe ndalama, funso limene mudzafunsa nduna. Musalonjeze kuti mudzatsitsa mtengo wa shuga kapena wa mafuta ndi dzanja lanu, pakuti phungu mmodzi mwa 229 alibe mphamvu yotere, ndipo lonjezo lodziwa kale kuti simudzalikwanitsa ndi bodza, tchimo lolakwira lamulo lachisanu ndi chitatu.

Lachitatu: kodi ndalama za kampeni ndizitenga kwa yani? Wamalonda amene akupatsani galimoto ndi nsalu lero adzakukumbutsani tsiku limene mlandu wa antchito ake udzafika ku komiti yanu. Pakamwa podzaza sipadzudzula mwini chakudya.

Lachinai: kodi ndidzaima nji pamene chipani changa chifuna zina? Mutu ukakula sulewa nkhonya. Thomas More Woyera, amene Apapa John Paul II anamuika mu 2000 kukhala nkhoswe ya andale, anataya udindo ndi moyo womwe chifukwa chokana kugulitsa mtima wake. Kwa inu mwina sadzafuna mutu, adzangokumanani unduna. Kodi mudzapirira?

KWA INU OSANKHA

Abale anga, voti nayonso ndi sikelo, ndipo Mulungu waiika m'dzanja lanu. Amene aika kanyama ka tsiku limodzi mbali imodzi, ndi zaka 5 za moyo wa ana ake mbali ina, nati zalingana, wanyenga pa muyeso monga wachigoba chopinda uja, ndipo wadzinyenga yekha. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Lamulo la zipani za ndale la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso zokopera voti, koma lisanalembedwe lamulolo, mtima wa Mkristu unali utaletsa kale. Musasankhe munthu chifukwa ngwa kwanu, kapena chifukwa mupemphera naye tchalitchi chimodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funsani antchito ake. Iwo amdziwa kuposa ovina pamsonkhano.

Ndipo chisankho chikapita, monga chinapitira cha pa 16 Sepitembala 2025, ntchito yanu sinathe. Amene anapambana analonjeza pamaso panu; mkumbutseni mwaulemu, mwa kalata ndi pamisonkhano, ndipo amene akukonzekera chisankho chamtsogolo muyambe kuwayeza lero, asanayambe kuvala nkhope ya kampeni.

KWA AKATEKISITI NDI ATSOGOLERI A MALIMANA

Tikupemphani zitatu. Pophunzitsa lamulo lachisanu ndi chiwiri, tchulani sikelo, chigoba, katapila ndi malipiro a wantchito wa m'nyumba, kuti Akristu adziwe zoyenera kuulula pa kulapa ndi zoyenera kubweza. M'malimana mwanu thandizani wochotsedwa ntchito mosayenera kupita ku ofesi ya za ntchito, ndi wogulitsidwa katundu woipa kusunga lisiti ndi kukadandaula koyenera. A bungwe la Chilungamo ndi Mtendere m'parishi akutsogolereni. Pomaliza, musalole kuti guwa, limana kapena maliro a Mkristu zisanduke nsanja ya chipani chilichonse. Eklezia amaphunzitsa muyeso woyezera anthu. Dzina la munthu aliyense alisankha yekha mumtima mwake.

Mukamakwera phiri la Michiru poyenda Njira ya Mtanda, kumbukirani kuti Iye amene ananyamula mtandawo anagwira ntchito ya manja zaka zambiri m'nyumba ya mmisiri, ndi kuti anagulitsidwa ndi ndalama 30 zasiliva. Adziwa thukuta la wantchito, adziwanso malonda achinyengo, ndipo ndi Iye amene adzatiyeza tonse, ogula ndi ogulitsa, olemba ndi olembedwa, osankha ndi osankhidwa.

Yosefe Woyera Mmisiri, mutipempherere, kuti m'misika mwathu mukhale sikelo zoona, m'nyumba mwathu malipiro oyenera, ndi m'Nyumba ya Malamulo anthu oopa Mulungu. Amen.