Dzina limene mudzalemba pa bwato lanu



Ku maiko monga America ndi England, munthu akagula bwato amalipatsa dzina ndi kulilemba ndi penti kumbuyo kwa bwatolo. Mwa anthu okonda mwambo umenewu muli ozimitsa moto amene adapuma pa ntchito. Taganizirani bambo amene wakhala zaka 25 akulowa m'nyumba zimene anzake akuthawamo. Walandira penshoni, wagula kabwato kophera nsomba, ndipo tsopano wakhala pansi ndi banja lake kufunsana kuti akatche chiyani. Ena amasankha dzina loseketsa. Ena amalemba nambala ya siteshoni imene ankagwirako ntchito. Ena amalemba dzina la mnzawo amene adapita kukazimitsa moto osabwererako. Nkhaniyi ikuoneka ngati ya kutali, koma ikutikhudza, makamaka inu makolo amene mukukonzekera kubatiza ana anu.

Choyamba, dzina la bwato lili ndi ntchito yake. Bwato likayamba kumira, woyendetsa amaitana pa wailesi ya m'bwatomo, ndipo lamulo la apanyanja limati atchule dzina la bwato katatu kuti opulumutsa amve bwino. Ndiye chifukwa chake odziwa za panyanja amalangiza kuti dzina likhale lalifupi, lomveka, loti munthu asachite nalo manyazi pa nthawi ya zoopsa. Dzina limene lidaseketsa anthu pa tsiku la phwando limasanduka mtolo pamene madzi akulowa ndipo ana akulira. Wozimitsa moto amazidziwa bwino zimenezi, pakuti moyo wake wonse wakhala akuyankha anthu oitana pa wailesi ndi pa foni. Posankha dzina, munthu wanzeru amaganizira tsiku la namondwe.

Chachiwiri, dzina limasunga chikumbutso. Mzinda wa New York uli ndi maboti ozimitsira moto. Limodzi mwa maboti akale, lomangidwa mu 1931, limatchedwa John J. Harvey, dzina la woyendetsa boti la ozimitsa moto amene adafa mu 1930 pamene sitima ina yoyaka idaphulika padoko. Botilo lidapumitsidwa mu 1994, ndipo anthu ena okonda zakale adaligula kuti lisaphwanyidwe. Pa 11 September 2001, zigawenga zitagwetsa nyumba ziwiri za World Trade Center, mapaipi a madzi a mumzinda adasweka. Boti lokalamba lija lidaitanidwanso, ndipo lidapopa madzi a mumtsinje wa Hudson kwa maola pafupifupi 80. Tsiku limenelo ozimitsa moto 343 adataya miyoyo yawo. Mu 2010 mzindawo udayamba kugwiritsa ntchito boti latsopano, ndipo dzina lake ndi nambala yomweyo: Three Forty Three. Aliyense wolitchula amawerenga akufa aja, afune asafune. Mmodzi mwa iwo adali wansembe wa chipani cha Afransisko, Bambo Mychal Judge, amene ankatumikira ozimitsa moto. Adafa ali pakati pa nkhosa zake, ndipo pambuyo pake boti lina lonyamula anthu lidatchedwa dzina lake.

Ifenso kuno mwambowu sitiusowa. Pa nyanja yathu padayenda sitima ya Chauncy Maples, yotchedwa dzina la episkopi wa Anglican amene adamira m'nyanjamo mu 1895. Ilala imakumbutsa dera la ku Zambia kumene David Livingstone adamwalirira mu 1873. Maina otere amaphunzitsa ana mbiri popanda bolodi ndi choko.

Pali dzina lina limene ozimitsa moto achikatolika amalikonda: Florian, nkhoswe yawo. Florian Woyera adali mkulu wa boma la Aroma m'chigawo cha Noricum, kumene lero kuli Austria. Pa nthawi ya mfumu Diocletian, cha m'ma 304, adamva kuti akhristu amangidwa mumzinda wa Lauriacum. Iye adali kutali ndi zoopsazo, koma adanyamuka yekha kupita komweko nakavomera poyera kuti nayenso ndi mkhristu. Atakana kupereka nsembe kwa milungu ya Aroma, adamumangirira mwala m'khosi ndi kumuponya mumtsinje wa Enns. Pa zithunzi amamujambula akuthira madzi pa nyumba yoyaka. Mpingo umamukumbukira pa 4 May, ndipo kuyambira mu 1999 tsiku lomwelo ndi lokumbukira ozimitsa moto pa dziko lonse. Tsono munthu wolemba Florian pa bwato lake akulemba dzina la munthu amene adafera m'madzi. Wina angati ndi dzina la tsoka. Mkhristu amaonapo zina: amaona munthu amene adathamangira kumene abale ake ankavutika, monga Ambuye adaphunzitsira pa Yohane 15:13 za chikondi chotaya moyo chifukwa cha abwenzi.

Mukafika kunyumba, werengani Yesaya 43:1-2. Mulungu akuuza Aisraele, amene adali ku ukapolo ku Babiloni, kuti wawaitana powatchula dzina ndipo ndi ake. Kenaka akutchula zinthu ziwiri zimene wozimitsa moto wokhala ndi bwato amazidziwa kuposa ife tonse: madzi ndi moto. Mulungu sakulonjeza kuti adzawalambalalitsa. Akulonjeza kuti podutsamo adzakhala nawo. Dzina likubwera koyamba, madzi ndi moto pambuyo. Ubatizo umayenda chimodzimodzi. Asadathire madzi, wansembe amafunsa makolo dzina limene apatsa mwana wawo. Pambuyo pake bambo kapena nkhoswe amayatsa kandulo kuchokera ku kandulo ya Pasaka. Dzina, madzi, moto.

Apa mpamene nkhani ikufika pakhomo pathu. Ife Amalawi timadziwa kuti dzina limayankhula. Tili ndi a Chisomo, a Tiyamike, a Madalitso, a Pemphero. Tilinso ndi a Mavuto, a Masautso, a Mabvuto ena amene dzina lawo lidali yankho la mayi kwa apongozi, kapena mwala woponyera mwamuna amene adathawa mimba. Ululu wa makolowo udali weniweni, ndipo sitikuwaweruza. Amene muli ndi maina otere musadandaule, Mulungu amakuitanani ndi chikondi chonse. Koma kwa inu amene simudasankhe, kumbukirani kuti mkangano wa chaka chino udzatha, pamene mwana adzalemba dzinalo pa mayeso a Standard 8, pa chiphaso cha unzika, pa kalata ya ukwati, mpaka pa mtanda wa kumanda. Enanso masiku ano timatola dzina pa Facebook kapena m'filimu osadziwa ndi tanthauzo lomwe. Malamulo a Mpingo, pa nambala 855, amapempha makolo, ankhoswe ndi bambo mfumu kuti aonetsetse kuti mwana asapatsidwe dzina losemphana ndi chikhristu. Lamulolo silikana maina a Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe. Dzina lotamanda Mulungu m'chilankhulo chathu ndi lachikhristu ndithu. Mukasankha la woyera, dziwani mbiri yake kuti mudzamufotokozere mwanayo akadzafunsa.

Ndipo ife akuluakulu, amene maina tidalandira kale, tili ndi funso lathu. Simoni adali msodzi wokhala ndi bwato lake pa nyanja ya Galileya. Yesu adalowa m'bwato limenelo (Luka 5:1-11), ndipo pambuyo pake adampatsa mwini bwato dzina latsopano, Petro, kutanthauza thanthwe. Petro adatenga zaka kuti afanane ndi dzinalo: adamira pa madzi, adakana Ambuye katatu akuwotha moto pabwalo la mkulu wa ansembe. Komabe dzinalo lidamukoka mpaka adakafera Khristu ku Roma. Nafenso tidalembedwa dzina la Khristu pa tsiku la ubatizo. Anzathu a ku ofesi, a ku msika, a m'minibasi ndi apanyumba amaliwerenga tsiku ndi tsiku. Kwa aneba kukabuka moto wa matenda, wa ngongole kapena wa maliro, kodi amatiitana ife podziwa kuti tibwera? Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sabata ino, pa msonkhano wa mphakati, aliyense afotokoze amene adamutcha dzina ndi chifukwa chake. Makolo oyembekezera ubatizo, kambiranani ndi ankhoswe anu musadabwere kudzalembetsa. Ndipo pa mapemphero a madzulo tikumbukire ozimitsa moto a makhonsolo a mizinda yathu, asodzi a kunyanja, ndi onse amene ntchito yawo ndi kupita kumene ena akuthawa.

Florian Woyera, mutipempherere. Ambuye akudalitseni nonse.