Kodi Kudikira Ndi Nzeru Masiku Onse?

Makolo athu amati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndiponso kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu awa ndi oona, ndipo tichita bwino powaphunzitsa ana athu. Koma tiyeni tifunsane, abale: kodi mawuwa akhalabe oona pamene wowanena ndiye wagwira chinthu cha mnzake?

Tiyang'ane mbiri ya Bwalo la Malamulo la ku Zomba. Linakhazikitsidwa m'chaka cha 1907, ndipo munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Wolankhulira eni dziko anali mmishonale wosankhidwa ndi Bwanamkubwa, ndipo woyamba anali Dr. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre. Anthu anakhoma msonkho zaka 42 osalowa m'bwalo limene linkaweruza za msonkhowo, kufikira 1949, pamene analowamo awiri, a Muwamba ndi a Mposa. Koma iwonso anawaloza ndi Bwanamkubwa. M'chaka cha 1956 analowa asanu, osankhidwa ndi mabwalo a zigawo, pakati pawo a Chipembere ndi a Chiume. Munthu wamba anaponya voti koyamba mu 1961, ndipo ngakhale pamenepo panali mipukutu iwiri ya mayina, wapamwamba ndi wapansi, monga mwa chuma ndi maphunziro a munthu.

Aboma ankati anthu sanakhwime, ayambe aphunzira. Tisakane kuti m'mawuwo munali choonadi china, pakuti kupanga malamulo ndi ntchito yofuna kuzolowera, ndipo nyumba yomangidwa mofulumira igwa ndi mvula yoyamba. Koma mwana aphunzira kulima atagwira khasu. Tate amene abisa khasu nanena kuti mwanayo sadziwa kulima, ndiye wachititsa umbuliwo.

Choipa chachikulu chinali chakuti woyeza kukhwima kwa anthu anali yemweyo wopindula ndi kuchedwako. Izi zinaonekera mu 1953, pamene dziko linalowetsedwa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mafumu ndi anthu akukana. Pa chinthu chimene anthu anachipempha, Boma linayenda ngati nkhono. Pa chimene anachikana, linathamanga. Kodi tidabwe kuti mitima inawawa, ndi kuti mu 1959 mwazi unakhetsedwa?

Tsono tinene kuti kudikira ndi ukoma pamene wodikirayo wamvedwa, wauzidwa tsiku, ndipo aona mtolo ukukula chaka ndi chaka. Pamene izi palibe, mawu akuti "dikirani" angokhala njira yokanira mwaulemu.

Nkhani iyi isatsalire ku Zomba kokha. M'midzi ndi m'misonkhano mwathu muli achinyamata ndi amayi amene tiwauza kuti nthawi yawo sinakwane. Tisanawauzenso, tidzifunse ngati tawaikira tsiku, ndi ngati tawapatsa khasu loti aphunzirepo.