Za Makina Oulula Kulakwa, ndi Za Anthu Owayesa

Pakati pa ntchito zonse zimene ana a anthu adzipezera m'masiku ano a makompyuta, ilipo imodzi imene mlendo, atangoimva, angaganize kuti ndi ya munthu wa mtima wokhota, pakuti mwini ntchitoyo sakhala pansi kuti aone ngati chinthu chiyenda bwino, koma kuti achilakwitse mwadala, natchere khutu kumva mmene chinenera kulakwa kwakeko. Ziyankhulo zimene akatswiri alembera mapulogalamu zili ndi njira yofuulira pamene zalamulidwa kuchita chosatheka, ndipo mfuu imeneyi aitcha exception: pulogalamu iima pomwe yafikapo, nitchula dzina la vuto, nisonyeza mzere umene vutolo labukira. Tsono alipo anthu amene atha nthawi yawo kuyesa mfuu yomweyo, kuti adziwe ngati imveka pa nthawi yake ndiponso ngati inena zoona. Ndipo ine ndikhulupirira kuti m'ntchito yawo yooneka yaing'onoyi mwabisala funso lakalekale, limene aneneri ndi anzeru analimbana nalo makina asanabadwe, lakuti cholengedwa chimene sichingathe kupewa kulakwa chiyenera kutani pamene chalakwa.

Titenge chiyankhulo cha Python, chimene Guido van Rossum anachitulutsa koyamba ku Netherlands m'chaka cha 1991. Mukachiuza kuti chigawe nambala ndi ziro, chikana, nichinena kuti ZeroDivisionError. Mukachifunsa chinthu chachisanu pamndandanda wa zinthu zitatu, chiti IndexError. Mukachituma kutsegula fayilo imene kulibe, chiti FileNotFoundError. Ndipo mukafuna kuphatikiza mawu ndi nambala, chiti TypeError. Maina amenewa sanaunjikidwe chisawawa, pakuti lililonse lili ndi kholo lake, ndipo onse akumana pa kholo limodzi lotchedwa BaseException. Pamodzi ndi chiyankhulocho asunga fayilo ya mayeso yotchedwa test_exceptions.py, mmene olemba ake aputa dala mavuto amenewa limodzilimodzi. Woyesa alemba mawu akuti assertRaises, natchula vuto limene aliyembekeza, nalamula kompyuta kugawa 1 ndi 0. Taonani chodabwitsa chake: mayeso amenewa akhoza pokhapokha pulogalamu italephera, ndipo italephera monga momwe inalonjezera; koma ikangokhala chete nipitirira, kapena ikatchula dzina la vuto lina, woyesa alemba kuti pano pali chilema.

Wina asaganize kuti kufuula kotereku n'kwachibadwa kwa makina onse. Funso lomwelo la kugawa ndi ziro, mukalipereka kwa JavaScript, sipamveka mfuu konse, koma mulandira yankho lakuti Infinity, ntchito nipitirira. Ndipo mukalipereka kwa chiyankhulo cha C pogwiritsa nambala zathunthu, malamulo ake sanena chimene chidzachitike, kotero kuti chilichonse chingatuluke, wopanga chiyankhulo osapalamula mlandu. Apa tiona kuti kuulula kulakwa ndi chisankho chimene anthu ena anapanga atasinkhasinkha, ena nachikana pa zifukwa zawo. Ndipo chinthu chosankhidwa ndi kulonjezedwa chiyenera kuyesedwa, popeza lonjezo losayesedwa likhala mawu chabe.

Koma mayeso amene andigwira mtima koposa ndi aja ofika kumalire, kumene ngakhale mphamvu yoululira yatsala pang'ono kutha. Pulogalamu ingathe kudziitana yokha mobwerezabwereza osaleka, ndipo Python, ikafika pafupi ndi maulendo 1000, iyenera kuimitsa zonse ndi RecursionError isanagwe chigwere. Oyesa alemba dala pulogalamu yotero kuti aone ngati malirewo agwira. Lina ndi tsiku limene memory ya kompyuta yatheratu. Kuti pulogalamu inene kuti malo atha, ifunika kamalo kosungira mawu omwewo, ndipo kamaloko n'kamene kasowa. Olemba Python anaona msampha umenewu, nakonza kuti chiyankhulocho chikamayamba ntchito, malo akadali ochuluka, chisungiretu ma MemoryError 16 okonzekeratu, monga Yosefe anadzaza nkhokwe za Igupto m'zaka za mwanaalirenji poyembekeza zaka za njala. Ndivomera kuti pamene ndilingalira zimenezi mtima wanga uchita ulemu, pakuti anthu amenewa anadziwa chimene ambiri a ife tichedwa kuchiphunzira, chakuti mawu oona a tsiku la tsoka sapezeka tsiku lomwelo ngati sanasungidwe kale. Akuluakulu anati tsoka silinunkha.

Tsono tibwere ku Malembo, kumene nkhani imeneyi inayambira. Pamene Mlengi anaitana Adamu m'munda muja, sanafunse chifukwa chosadziwa kumene munthu anabisala. Anafuna kuti wolakwa atchule yekha kulakwa kwake. Ndipo chimene Adamu anayankha sichinali bodza lenileni, pakuti mkazi anam'patsadi chipatso; chilema cha kuulula kwake chinali chakuti anafotokoza mndandanda wa zochitika nadzichotsa yekha pa mlandu. Kaini anapitirira pamenepo, nakana kuti sadziwa kanthu za mbale wake. Koma Davide, Natani atamuloza chala, sanafune wina womusenzetsa katundu, ndipo chifukwa cha ichi dzina lake likumbukika ndi chifundo, ngakhale tchimo lake linali loopsa. Mwa atatuwa palibe amene sanachimwe. Chimene chiwasiyanitsa ndi mawu amene anatuluka m'kamwa mwawo atachimwa.

Nanga si chomwecho chimene oyesa afuna kwa makina? Python ikagwa, itulutsa chimene achitcha traceback, ndicho mndandanda wa malo onse amene lamulo linadutsamo, kuyambira kwa woitana woyamba kufikira mzere umene zinthu zinasweka, ndipo mzere wolakwawo sudzichotsa pamndandanda. Kuyambira pa Python 3.0, imene inatuluka m'chaka cha 2008, ngati vuto lachiwiri libuka pamene pulogalamu ili kulimbana ndi loyamba, onse awiri asungidwa nasonyezedwa, kuti lotsiriza lisakwirire loyamba. Ngakhale pa zolakwa za kalembedwe, alipo mayeso oona ngati SyntaxError iloza mzere weniweni ndi malo enieni pamzerepo, popeza mboni yoloza wosalakwa iipa koposa mboni yokhala chete.

Pano munthu woopa Mulungu angatsutse, ndipo kutsutsa kwake sikuyenera kunyozedwa. Angati: kodi wogwetsa chinthu mwadala safanana ndi uja anatengera Ambuye pamwamba pa Kachisi, nawauza kuti adziponye pansi kuti lonjezo la chitetezo lioneke ngati n'loona? Kodi kalata ya Yakobo sitiphunzitsa kuti Mulungu sakokera munthu ku zoipa? Ndiyankha kuti kusiyana kulipo, ndipo n'kwakukulu. Mdyerekezi anafuna kuti cholengedwa chikaikire Mlengi, chimene ndi kudzikuza. Koma m'misiri woyesa ntchito ya manja ake akayikira iye mwini, chimene ndi kudzichepetsa. Wonyenga agwetsa kuti wogwayo akhale chigwere. Woyesa agwetsa pamalo pamene palibe wovulala, kuti tsiku limene miyoyo ndi chuma cha anthu zidzadalira chinthucho, kugwa kwake kudzakhale kodziwika kale.

Ndipo pali china chozama koposa ichi. Makina alibe chikumbumtima. Sachita manyazi, salapa, sadziwa kuti alakwa. Mawu akuti ZeroDivisionError sanatuluke mumtima wa kompyuta, koma analembedwa ndi dzanja la munthu amene anaoneratu kuti tsiku lina wina adzagawa ndi ziro, nasankha kuti choonadi chidzanenedwe poyera. Chotero pamene tiyesa exception, amene ali pamlandu si makina ayi, koma munthu amene anawapanga: kodi anasunga mawu ake, kodi anavomera kuti ntchito yake ingalephere, kapena anadziyesa wangwiro? Edsger Dijkstra, katswiri wa ku Netherlands komweko, anachenjeza kale kuti mayeso angathe kusonyeza kuti zilema zilipo, koma sangatsimikize kuti palibe. Ndipo chenjezo limeneli ndilimva ngati chiphunzitso cha m'tchalitchi, pakuti munthu angafufuze mtima wake tsiku ndi tsiku napeza zambiri, koma sangafike ponena kuti watsiriza.

Komatu kuulula kuli ndi mbali ziwiri, ya wonena ndi ya wakumva, ndipo apa ndi pamene ambiri apunthwa. Python ilola mlembi kugwira exception ndi mawu akuti try ndi except, kuti akonze vuto ntchito ipitirire, chimene ndi chabwino. Koma alipo alembi amene, potopa ndi madandaulo a pulogalamu, alemba except napanda kutchula vuto lililonse, pansi pake nalemba pass, ndiko kuuza makina kuti chilichonse chikalakwika asanene kanthu. Pulogalamu yotero ioneka yamtendere, koma mtendere wake ndi wa mbewa ya manyazi ija inafera kuuna. Msampha umenewu unali waukulu kotero kuti m'chaka cha 2006, pa Python 2.5, anapatula KeyboardInterrupt ndi SystemExit kuzichotsa pansi pa kholo la mavuto wamba lotchedwa Exception, kuti mlembi wotchula Exception pogwira mavuto wamba asameze pamodzi ndi lamulo la mwini kompyuta lakuti pulogalamu iime. Mabanja, mipingo ndi maboma amene aletsa mbiri yoipa kufika kwa akulu achita chomwecho, ndipo sindiona chifukwa chowayembekezera mathero osiyana.

Palinso wakumva wina amene satseka makutu, koma sanakonzeke kumva, ndipo nkhani yake ndi yomvetsa chisoni koposa. Pa 4 June 1996, roketi yatsopano ya maiko a ku Ulaya yotchedwa Ariane 5 inanyamuka koyamba ku Kourou, m'dziko la French Guiana, itanyamula masetilaiti anayi a kafukufuku otchedwa Cluster. Makina ake oyeza kumene roketi ili ndi mmene iyendera anali ndi pulogalamu yolembedwa m'chiyankhulo cha Ada, yotengedwa ku Ariane 4, kumene inatumikira bwino zaka zambiri. Koma Ariane 5 inathamanga cham'mbali mwa liwiro loposa la mkulu wake, ndipo nambala ina yosungidwa m'malo a ma bit 64, posamutsidwira m'malo a ma bit 16 amene sapitirira 32,767, inasefukira. Patapita masekondi pafupifupi 37, kompyuta yoyezayo inachita chimene chinalonjezedwa: inafuula, nitchula Operand Error. Mfuuyo inali yoona, ndipo inamveka pa nthawi yake.

Chimene chinatsatira ndicho chiyenera kutidetsa nkhawa. Opanga makinawo analamula kale kuti exception ikabuka, kompyuta yoyezayo ilembe vuto lake nizime, pakuti anayembekeza kuti chingaonongeke ndi chitsulo, osati pulogalamu, ndipo kuti kompyuta inzake yodikira idzatenga ntchito. Koma inzakeyo, pokhala ndi pulogalamu yomweyo ndi nambala zomwezo, inali itazima kale kamphindi kochepa m'mbuyomo pa chifukwa chomwecho. Ndipo uthenga wonena za vutowo utafika ku kompyuta yaikulu yowongolera, iyo inauwerenga ngati miyezo ya ulendo, nipotoza mainjini mwamphamvu. Roketi inakhota, niyamba kusweka, nidziphulitsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi anayi kuchokera pansi. Kuulula koona kunagwera m'makutu osaphunzitsidwa, ndipo chilango chimene chinaikidwiratu woulula chinali imfa yokha, popanda njira yobwerera. Choonjezera chisoni n'chakuti chigawo cha pulogalamu chimene chinalakwacho chinalibe ntchito iliyonse roketi itanyamuka; chinasiyidwa chikuyenda chifukwa cha zosowa za Ariane 4.

Bungwe lofufuza, lotsogoleredwa ndi katswiri wa masamu wa ku France, Jacques-Louis Lions, linapereka lipoti lake mu July chaka chomwecho. Linapeza kuti mwa nambala zisanu ndi ziwiri zimene zikadatha kusefukira, zinayi zinatetezedwa ndipo zitatu zinasiyidwa, poganiza kuti sizingafike pamalire ndiponso pofuna kuti kompyuta isalemedwe ntchito. Ndipo linadzudzula mtima wotenga pulogalamu ngati yolungama kufikira itagwidwa ndi cholakwa, nililangiza kuti iziyesedwa yolakwa kufikira itasonyezedwa kuti ili bwino. Sindinena izi monyoza mainjiniyawo, amene anali anthu aluso ndi akhama. Ndinena chifukwa kulakwa kwawo ndi kwa ife tonse, pamene tikhulupirira kuti chimene chinayenda bwino dzulo sichifunika kufunsidwa lero. Safunsa anadya phula.

Mayeso amene akadaonetsa vutoli sanafune kuti roketi iuluke. Akadachitika pansi, m'chipinda, podyetsa makina oyezawo nambala za njira ya Ariane 5, koma nambala zimenezo sizinaikidwe m'mayeso a makinawo. Ngozi itachitika, akatswiri anatenga pulogalamu yomweyo, naipatsa nambala za ulendo weniweniwo pa kompyuta, ndipo inalephera monga momwe inalepherera kumwamba kwa Kourou.