Kodi Kudandaula ndi Chimo?

Amai anzanga m'Cigwirizano, ambiri a ife tikhala m'makomboni momwe mpopi umauma masiku angapo, zinyalala zaunjikana pamsika, ngalande zatsekeka, ndipo ku kiliniki amatilembera kapepala kuti tikagule tokha mankhwala. Nkhanizi zikabuka pamsonkhano wathu, sipalephera mai wina wonena kuti, "Tisadandaule, tingopemphera." Kodi mai ameneyu alakwa?

Mau ake ali ndi maziko. Paulo pa Afilipi 2:14 atiletsa madandaulo ndi makani, ndipo pa Numeri 14 Aisrayeli ong'ung'udza m'cipululu sanalowe m'dziko la lonjezano. Kung'ung'udza kotere kumaiwala zabwino zimene Mulungu wacita, kumafooketsa anzathu, ndipo sikukonza kanthu.

Koma tsegulani Numeri 27. Ana akazi asanu a Tselofekadi anaona kuti adzatsala opanda colowa cifukwa atate ao sanasiye mwana wamwamuna. Anakaima poyera pamaso pa Mose ndi akulu, nanena mlandu wao. Yehova anawavomereza, ndipo panaikidwa lamulo lothandiza ana akazi onse otere. Pa Macitidwe 6, amasiye ena anali kuwapitirira pogawa cakudya. Dandaulo litafika kwa atumwi, iwo sanakalipe. Mpingo unasankha amuna 7 oti akonze zinthu.

Mwaona kusiyana kwake? Wong'ung'udza amalankhulira kumbali kuti mtima wake upepuke. Wodandaula molungama amapita kwa amene angathe kukonza, anena zoona mwaulemu, ndiponso aganizira anzake.

Kukhala cete kuli ndi mtengo wake. Kolera ya 2017 inasautsa kwambiri makomboni a Lusaka monga Kanyama ndi Chipata, kumene zitsime zosazama ziri pafupi ndi zimbudzi, ndipo mvula ikagwa madzi amasakanizana ndi zonyansa. Inabweranso mu 2023. Pofika Januwale 2024 masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala. Pofika kumapeto kwake, mliriwo unapha anthu oposa 700. Amene amatunga madzi ndi kudwazika odwala ndife amai. Tikaona ngozi ndi kutseka pakamwa, kodi tamkonda mnansi wathu?

Komabe amai, tisanaloze cala khansala, tiyang'ane pakhomo pathu. Deuteronomo 23:12-14 alamula Aisrayeli kukwirira zonyansa zao popeza Mulungu ayenda pakati pa cigono cao. Ndani amataya matewera ndi mapulasitiki m'ngalande usiku? Ndani amaleka kuthira klorini m'madzi mliri ukangopita? Mai amene wasesa mbali yake amalankhula ndi mphamvu.

Njira yolankhulira iripo. Mawadi ali ndi makomiti a citukuko, ochedwa Ward Development Committee, omwe amalandira zopempha za anthu. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iriyonse. Ndalamazi ndi za misonkho yathu, ndipo kufunsa mmene zagwirira nchito si mwano.

Cotero sankhani vuto limodzi la m'dera lanu. Lilembeni bwino, ndi malo ake ndi masiku ake. Pempherani, mudziwitse abusa ndi akulu a mpingo, ndipo mupite amai angapo mutavala yunifomu, osanyamula cipani ciriconse. Akapanda kuyankha bwereraninso, monga wamasiye wa pa Luka 18 amene sanatope kufikira woweruza atamcitira cilungamo.

Ambuye atipatse mtima woyamika ndi pakamwa polimba.