Mpando m'Nyumba ya Eni

Mu 1953 Wellington Manoah Chirwa ndi Clement Kumbikano anasankhidwa kukaimira anthu akuda a ku Nyasaland m'nyumba ya malamulo ya Chitaganya ku Salisbury. Mwa aphungu 35, akuda anali 6 okha. Chirwa ankatsutsa Chitaganyacho mosapsatira mawu, koma povota manja a azungu ndiwo ankachuluka. Mu 1957 chipani cha Congress chinawachotsa awiriwa chifukwa chokana kutula pansi udindo.

Kodi munthu wolandira mpando m'nyumba yomangidwira kupondereza anthu ake ndi mlomo wa anthuwo, kapena ndi chokometsera nyumbayo pamaso pa alendo? Otsutsa Chirwa anali ndi mfundo yolemera. Boma la Chitaganya linkatha kuloza nkhope zakudazo n'kuuza London kuti eni dziko avomereza. Komatu Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene ankalimbikira kuti Chirwa achoke, nawonso anali pa mipando ya atsamunda ku Zomba kuyambira 1956. Choncho mlandu sunali wa kungokhala pampando. Unagona poti nyumba ya ku Zomba inkaoneka kuti ingadzalandidwe tsiku lina, pomwe ya ku Salisbury inkafunika kugwetsedwa. Chirwa anaweruzidwa ndi ulosi, ndipo ulosiwo unapherezera mu 1963.

Ku America, Hiram Revels, wakuda woyamba kulowa mu Senate mu 1870, anakumana ndi funso lina asanakhale n'komwe. Aphungu ena anati sanakwanitse zaka 9 ali nzika, potengera chigamulo cha Dred Scott cha 1857 chakuti wakuda sangakhale nzika. Munthuyo anabadwira ku North Carolina, ali mfulu.

Funso la Revels ndilo limadziwika bwino ku Hatcliffe, kumpoto kwa Harare, kumene kukukhala ena mwa ana ndi adzukulu a Amalawi omwe anakathera moyo m'mafamu ndi m'nyumba za azungu. Lamulo la unzika la 2001 linachititsa ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo kuwerengedwa alendo, ndipo anataya voti mpaka malamulo aakulu a 2013 atawazindikiranso. Zipupa zitagumulidwa ku Hatcliffe Extension mu 2005, wolembedwa kuti mlendo analibe phungu amene anamusankha yekha. Kwa iye mkangano wa Chirwa ndi Chipembere ukanamveka ngati wa anthu okhuta, popeza onse awiri anali ndi mpando woti akhalepo kapena aukane.