Theka Limeneli Ndi la Ndani?

Nyengo yozizira ikafika kuno kummwera kwa Africa, mu Juni ndi Julaye, chimfine chimayenda khomo ndi khomo. Munthu amene wabayitsa katemera amafuna kumva chinthu chimodzi basi: kodi ndatetezeka? Funsoli limaoneka lapafupi, koma limaika pamayeso aliyense wofuna kuyankha mosanama.

Ku labotale ali ndi njira yoyezera chitetezocho. Idayamba mu 1941, pomwe George Hirst wa ku New York adaona kuti kachilombo ka chimfine kamachititsa maselo ofiira a magazi a nkhuku kumatirirana. Koma ngati m'magazi a munthu muli asilikali a m'thupi, aja amati ma antibody, odziwa kachilomboko, amakagwira kasanafike pa maselo. Maselowo samatirirana, amangotsikira pansi pa kabowo koyezera n'kupanga kadontho kofiira. Oyeza amatenga madzi a m'magazi a munthu n'kumawasungunula mowirikiza, 1:10, 1:20, 1:40, 1:80, mpaka asilikali atachepa moti kadontho kaja sikaonekanso. Mlingo womaliza umene asilikali adapambanabe ndiwo nambala ya munthuyo.

Mu 1972, ku Britain, ofufuza otsogozedwa ndi Hobson adafalitsa zimene adapeza atathira kachilombo m'mphuno za anthu odzipereka. Mwa amene nambala yawo inkayandikira 1:40, pafupifupi theka sadatenge matenda. Kuyambira pamenepo 1:40 idakhala muyeso umene opanga katemera ndi owayang'anira amadalira.

Vuto lagona pa mawu akuti theka. Theka la ndani? Agogo amene apereka mkono kuti atengedwe magazi sangadwale theka. Adwala kapena sadwala. Nambalayo ikunena zoona za gulu, koma za agogowo paokha ili chete. Ndiponso muyesowu suona zonse. Suwerenga maselo ena a chitetezo amene amathandiza munthu kuchira. Ana aang'ono amafuna nambala yokwererapo kuti atetezeke mofanana ndi akuluakulu. Magazi omwewo atayezedwa m'malabotale awiri angathe kupereka nambala zosiyana. Nako kachilombo kamasintha chaka ndi chaka.

Woyankha ndiye amakopeka ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kukometsa: “Mwatetezeka, agogo, pitani mumtendere.” Ndi bodza lachifundo, ndipo ena angati palibe cholakwa ngati likulimbikitsa anthu kubayitsa. Koma agogo akadwala mu Julaye, sadzati adagwera m'theka linalo. Adzati adanamizidwa, ndipo mudzi wonse udzamva. Chikhulupiriro chogulidwa ndi bodza chimatha pa chifuwa choyamba.

Njira yachiwiri ndi kunyoza: ngati nambala singandiuze za ine, ili ndi ntchito yanji? Uku n'kuiwala kuti muyesowu sudapangidwire ine ndekha. Kawiri pachaka, mu Febuluwale ndi mu Sepitembala, bungwe la WHO limasankha mitundu ya kachilombo yoti ilowe m'katemera, ndipo chisankho cha Sepitembala ndicho chathu a kummwera. Malo ngati NICD ku Johannesburg amatola tizilombo timene tikuzungulira, ndipo akatswiri amayesa ngati magazi a anthu obayidwa kale akutizindikirabe. Kadontho ka munthu mmodzi sikanena zambiri, koma timadontho tambiri timalozera njira dziko lonse.

Ine ndikuona kuti chilungamo ndi kunena zonse ziwiri pamodzi, ngakhale sizikoma m'khutu: katemera wachepetsa ngozi yanu, koma sanaichotse. Mlimi amamva chilankhulo chotere. Amadzala mvula yoyamba ikagwa, akudziwa kuti chaka china imadula, ndipo satcha kudzalako uchitsiru. Kuganiza kuti agogo sangasenze choonadi chomwecho pa nkhani ya thupi lawo n'kuwachepetsa.

Palinso china. Nambala imene tikuidalirayi idachokera kwa anthu amene adalola kuyesedwa ndi kachilombo, osadziwa kuti agwera theka liti. Phindu lidapita kwa anthu amene iwo sadawaonepo. Ifenso tikapinda malaya kuti tibayidwe, popanda lonjezo, timalowa mumzere womwewo. Agogo ali ndi ufulu wouzidwa kuti mzerewo ndi wotani, kenako n'kusankha okha.