KODI CHIBALE CHITHERA PA MANDA?

Mwezi wa Novembala ndiwo mwezi umene Eklezia atikumbutsa akufa athu. Pa tsiku la 2 la mweziwu Akhristu a m'maiko onse apita ku Misa ndi ku manda, natchula maina a makolo, a ana ndi a abwenzi amene anatsogola. Mwambo umenewu ngwakale ndithu: unayambira m'nyumba za amonke a ku Cluny, m'dziko la France, m'masiku a Odilo Woyera, zaka ngati 1,000 zapitazo. Koma pali funso limene tiyenera kudzifunsa tisanachoke pa mandapo. Kodi munthu akamwalira, ife anzake otsala tili naye mangawa otani? Tikamuika, ndi kumupempherera, ndi kutchula dzina lake kamodzi pa chaka, kodi pamenepo tatha? Kapena chilipo china chimene wakufayo akadatipempha, akadakhala ndi pakamwa?

Kuti tiyankhe bwino, tiyeni tione zimene anachita amuna ena Akatolika a ku America, pakuti funso lomweli linawagwera iwo, ndipo analiyankha ndi manja ao.

M'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, m'chigawo cha Connecticut munali mafakitale ambiri osula mkuwa, mfuti ndi mawotchi. Ambiri a antchito ake anali Akatolika ochokera ku Ireland, amene makolo ao anathawa njala yaikulu imene inayamba m'chaka cha 1845. Anthuwa analibe munda, analibe nkhokwe, analibe ziweto. Chakudya chao chonse chinali m'malipiro a bambo wa pa banja. Tsono bamboyo akafa ndi chifuwa chachikulu, kapena akapwetekedwa ndi makina, njala inalowa m'nyumba sabata lomwelo. Ndipo mkazi wamasiye akalephera kuonetsa pa bwalo la milandu kuti angathe kusunga ana ake, bwalolo linali ndi mphamvu yowachotsa ndi kuwapereka kwa ena. Magulu othandizana analipo, koma ambiri anali a chinsinsi ndi a malumbiro, amene Eklezia analetsa ana ake kulowamo.

Pakati pa anthu amenewa panali wansembe wachinyamata, dzina lake Bambo Michael McGivney. Iye anabadwa ku Waterbury m'chaka cha 1852, woyamba mwa ana 13, ndipo 6 mwa iwo anamwalira akali aang'ono. Ali ndi zaka 13 anasiya sukulu nakagwira ntchito yosula masipuni. Pambuyo pake analowa seminale, koma m'chaka cha 1873 atate ake anamwalira, ndipo anabwerera kwao kukathandiza amai ake. Umasiye anaudziwa ndi m'mimba momwe. Atadzozedwa unsembe m'chaka cha 1877, anatumizidwa ku tchalitchi cha Maria Woyera mu mzinda wa New Haven, ndimo kumeneko anaona mabanja ali kupasuka monga linafuna kupasuka lake. Kuchiyambi kwa chaka cha 1882 anaimirira yekha pa bwalo la milandu, nalonjeza kukhala mtetezi wa mnyamata wina wamasiye, kuti asachotsedwe kwa amai ake.

Koma wansembe mmodzi sangathe kuimira amasiye onse. Mutu umodzi susenza denga. Chotero anasonkhanitsa amuna a m'parishi yake m'chipinda chapansi cha tchalitchicho, ndipo pa 29 Malichi 1882 boma la Connecticut linavomereza bungwe lao. Analitcha Knights of Columbus, ndiko kunena asilikali aulemu a Columbus, pofuna kukumbutsa anthu onyoza Akatolika kuti amene anaoloka nyanja kufika ku maiko a America m'chaka cha 1492 anali Mkatolika. Maziko ake oyamba anali awiri, umodzi ndi chikondi. Pambuyo pake anaonjezapo chibale, ndipo m'chaka cha 1900 kukonda dziko lao.

Lamulo lao linali lapafupi kulimva. Mbale akamwalira, mbale aliyense wotsala anayenera kupereka dola imodzi. Anapangana kuti, akakwana anthu 1,000, mkazi wamasiye alandire madola 1,000, ndalama zimene wantchito wamba sakadazipata ngakhale atagwira ntchito chaka chathunthu. Ndipo akapitirira chiwerengerocho, chopereka cha munthu mmodzi chitsike. Mbale wodwala nayenso analandira kangachepe sabata ndi sabata, kuti ana ake asagone ndi njala.

Apa wina anganene kuti: “Zimenezi si chikondi, ndi malonda. Munthu apereka dola lero chifukwa adziwa kuti mawa mkazi wake adzalandira chikwi. Chikondi choona chipereka osayembekezera kanthu.” Mau amenewa ali ndi kulemera kwake, ndipo sitiyenera kuwataya msanga. Koma tiyeni tiwayese.

Poyamba, wopereka dola uja sadziwa amene adzayamba kufa. Kapena iye adzakalamba, nadzapereka ka 100, ana ake atakula kale osasowanso thandizo. Ngakhale zitapita bwanji, iye mwini sadzaona ndalamazo ndi maso ake, pakuti tsiku limene zidzaperekedwa iye adzakhala ali m'bokosi. Wamalonda afuna phindu loti aligwire m'manja. Munthu uyu aikiza ena, ndipo ena okhaokha ndiwo adzadya. Makolo athu anati kupatsa nkuika, ndipo sananene mauwa ponyoza wopatsa. Anazindikira kuti anthu amene adzafa onse ayenera kusungirana.

Kachiwiri, taganizani za mkazi wamasiye. Akalandira mphatso kwa munthu wolemera, ayenera kugwada, kuthokoza, ndi kuyenda chozolika masiku onse pamaso pa womupatsayo. Koma akalandira kwa abale a bungwe la mwamuna wake, alandira ali chilili, pakuti mwamuna wake nayenso anapereka pa maliro a ena. Chimene chafika m'manja mwake ndi thukuta la mwamuna wake lomwe, limene labwerera kudzera mwa anzake. Chikondi chimene chisunga ulemu wa wolandira sichichepa pa chikondi chimene chimchititsa manyazi, chiposa ndithu.

Kachitatu, taonani chimene Ambuye athu Yesu anachita pa mtanda. M'maola ake otsiriza, ali m'zowawa zosaneneka, anaona amai ake ali pomwepo, nawapereka kwa Yohane kuti awasunge. Ndipo Yohane anawatengera kwao. Sanapemphe chipilala, sanapemphe phwando. Munthu aliyense amene anakhalapo pambali pa bambo wakufa adziwa kuti mau ake otsiriza ambiri akhala a ana ndi a mkazi. Ili ndilo yankho la funso lathu lija: chimene wakufa akadatipempha ndicho kuti tisunge amene iye anawasiya. Kukumbuka munthu ndiko kupitiriza ntchito imene imfa inamulanda m'manja.

Komatu tisaganize kuti ndalama zokha zikwanira. Bambo McGivney akadafuna ndalama zokha, akadangokhazika kalaliki ndi buku la chiwerengero. Iye anafuna kuti amunawo adziwane, asonkhane kawirikawiri, apemphere pamodzi, ayendere odwala ao, aperekeze maliro. Mpaka lero nthambi za bungweli zipempherera abale ao akufa pa misonkhano yao, ndi kuwaperekera Misa, makamaka m'mwezi uno. Ali ndi mau a Chilatini amene akumbutsana, akuti Tempus fugit, memento mori, ndiko kunena kuti nthawi ithamanga, kumbukira imfa. Mauwa samveka okoma m'khutu, koma ndiwo muzu wa chibale chonsecho. Munthu woiwala kuti adzafa athandiza amasiye ngati mfumu yoponya nyenyeswa. Wokumbukira imfa yake awathandiza ngati mnzao, podziwa kuti ana ake omwe angakhale amasiye chaka chamawa. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Malembo Oyera atipatsa chitsanzo cha munthu amene anagwira zonse ziwiri. M'buku lachiwiri la Amakabeo tiwerenga kuti Yuda Makabeo anasonkhetsa ndalama kwa asilikali ake nazitumiza ku Yerusalemu, kuti iperekedwe nsembe chifukwa cha anzao ofera ku nkhondo. M'buku lomwelo tiwerenganso kuti iye ndi anthu ake anagawira akazi amasiye ndi ana amasiye zofunkha za ku nkhondo. Dzanja limodzi linaloza kwa Mulungu chifukwa cha mzimu wa wakufa, lina linaloza ku nyumba imene wakufayo anasiya. Pemphero lopanda thandizo lisiya ana ndi njala. Thandizo lopanda pemphero lisiya mbale wathu yekha m'Purigatorio. Mkhristu sayenera kusankhapo chimodzi.

Winanso anganene kuti: “Nanga amene sali m'bungwe? Kodi si kudzikonda kuti anthu athandizane okhaokha?” Ngozi imeneyi ilipodi, ndipo bungwe lililonse lingagwemo. Koma chikondi chiphunziridwa pafupi chisanapite patali. Amene sanasenzepo mtolo wa mnansi wake sadzasenza wa mlendo. Mbiri ya amuna a ku New Haven itsimikiza zimenezi. M'chaka cha 1917, dziko la America litalowa m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse, iwo anamanga nyumba zopumuliramo asilikali, kwao ndi ku Ulaya komwe, ndipo analandiramo munthu aliyense kwaulere, osafunsa mpingo wake. Kuyambira m'chaka cha 2009 agawira ana osauka majasi a nyengo yozizira. Bungwe limene linayamba ndi amuna owerengeka m'chipinda chapansi lili tsopano ndi anthu ngati 2 miliyoni m'maiko ambiri, ndipo dola ija ya pa maliro inasanduka ntchito yaikulu ya inshuwalansi. Kukula kotere kuli ndi mayesero ake. Pamene pali chuma, zovala zaulemu ndi maudindo, chibale chingathe kusanduka kudya, kumwa ndi kutamandana. Muyeso wa bungwe lililonse la amuna Achikhristu, lalikulu kapena laling'ono, ndi umodzi: kodi mkazi wamasiye wa mbale wao wagona m'nyumba yosadontha?

Bambo McGivney sanaone kukula kumeneku. Anadwala chibayo m'nthawi ya mliri wa chimfine, namwalira ku Thomaston pa 14 Ogasiti 1890, ali ndi zaka 38. Ana ake auzimu sanamuiwale: m'chaka cha 1982 anasamutsira mafupa ake ku tchalitchi chija cha Maria Woyera, kumene ntchito inayambira, ndipo pa 31 Okutobala 2020 Eklezia anamutchula Wodala mu mzinda wa Hartford. Koma chikumbutso chake chachikulu ndicho mabanja osawerengeka amene sanapasuke.

Tsono, abale anga, nkhani iyi njakutali, koma imfa njomweyo. Ife kuno kulira tidziwa. Maliro akagwa, mudzi wonse usiya makasu. Amuna agona panja pa siwa, amai aphika, adzukulu akumba manda, ndipo mbale ya chipepeso iyenda. Zimenezi nzabwino, ndipo tisazitaye. Koma patapita mwezi, ndani abwerera ku nyumba ija? Ndani afunsa ngati mwana wamkulu akali pa sukulu? Nthawi zina amene abwerera ndiwo achibale odzalanda njinga, mbuzi ndi malata, ngakhale lamulo la dziko la Malawi la chaka cha 2011 liyesa kulanda chuma cha masiye mlandu. Nthawi zina tisonkha ndalama zambiri za chiliza ndi za phwando lake, pamene ana a mwini chilizayo ayenda ausiwa. Chiliza sicholakwa, koma wakufayo akadaloledwa kusankha, kodi akadasankha simenti kapena fizi ya mwana wake?

Amuna a m'parishi kapena a m'mphakati safunika chuma cha ku America kuti ayambe. Atenge kabuku, alembemo maina a abale ao akufa, ndipo pansi pa dzina lililonse alembe maina a mkazi ndi ana otsala. Apangane chopereka chimene ngakhale wosauka angathe, kaya ndalama, kaya chimanga, kaya tsiku limodzi la khasu, ndipo chisungidwe ndi anthu awiri kapena atatu okhulupirika, chiwerengedwe poyera. Pakakhala mlandu wa chuma cha masiye, apite pamodzi kwa amfumu kukaimira mkaziyo, monga wansembe uja anaimira mnyamata pa bwalo.

Taonaninso kuti kwathu kuno mwezi wa akufa ugwa pamene mvula ili pakhomo, nthawi yofolera madenga ndi yomaliza mizere. Chotero potuluka m'tchalitchi titatchula maina a abale athu pamaso pa Mulungu, tiyeni tinyamule makasu ndi udzu, tipite ku nyumba zimene iwo anasiya. Ndipo Mulungu, amene ali Atate a ana amasiye, adzautse ena otichitira chomwecho pa tsiku lathu.